JETI SINGATSITSE AGOGO MUMTENGO: GULANI HELIKOPITA POYERA, MA DRONE TIPANGE TOKHA

Kwa achinyamata anzanga, amangwetu a ku Chikwawa ndi ku Nsanje, kaya muli kumudzi, kaya muli pa lendi ku Ndirande, ku Bangwe, ku Area 25 kapena ku Joni. Uthengawu ndi wautaliko ndithu, koma werengani mpaka kumapeto musanautumize kwa ena. Kumapetoko kuli ntchito yoti aliyense agwire.

M'magulupu mwathu mwabuka mkangano wa ndege zankhondo. Ena akuti dziko lopanda jeti ndi la masanje, boma lipite kunja likagule ngati mmene anachitira a Zambia pogula ma L-15 ku China. Ena akuti ayi, tatopa ndi kuitanitsa chilichonse kunja mpaka zotokosera m'mano, mainjiniya tili nawo mbwee ali pa ulova, tipange ndege yathuyathu. Mbali zonse ziwiri zikuyankhula mokonda dziko, palibe wogulidwa apa. Koma zonse zadumpha funso loyamba: ndegeyo ikukamenyana ndi ndani?

Maganizo anga ndiwatchuliretu. Malawi sakufunika jeti yankhondo, kaya yogula kaya yopanga. Akufunika mahelikopita opulumutsira anthu, ogulidwa poyera, okhala ndi bajeti ya masipeyala. Ndipo zomwe tingathe kupanga tokha lero lomwe, monga ma drone ndi maboti, boma lisiye kuyang'ana kunja, ntchitoyo lipatse ana a konkuno.

*Mdani wathu timamudziwa*

Munthu wa ku Chigwa sachita kumuuza amene amamulanda malo. Mu Januwale 2015 mtsinje wa Ruo unasiya njira yake n'kudzera m'midzi ya ku Makhanga. Anthu anagona m'mitengo, pamwamba pa zulu ndi pa madenga, ndipo m'dziko lonse oposa 200,000 anasowa pokhala. Mu Malichi 2019 madzi anabweranso ndi namondwe wa Idai. Mu Januwale 2022 kunabwera Ana: anaphwasula damu la ku Kapichira, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa chaka chathunthu ndi kupitirira, mlatho wa Chapananga unagwa, msewu wa M1 unaduka malo angapo, Chigwa chonse n'kusanduka chilumba. Tisanapume, mu Malichi 2023 Freddy anafika. Omwe anafa pamodzi ndi omwe sanapezeke mpaka lero anapitirira 1,000, ndipo oposa 600,000 anathawa m'nyumba zawo.

Chilandirire ufulu mu 1964, palibe dziko lakunja lomwe linatiphera anthu ochuluka chonchi. Madzi ndi amene achita zimenezi, kanayi konse m'zaka zisanu ndi zitatu. Ndipo madzi saiwala khwawa. Abweranso basi.

Nde tiyeni tione chida choyenera nkhondo imeneyi. Jeti imadutsa pa Nsanje m'kuphethira kwa diso. Singaime m'malere, singatsitse chingwe, singatere pa bwalo la mpira la pa sukulu ya pulayimale. Ngakhale ndege zikuluzikulu zonyamula katundu zimafuna bwalo lalitali komanso louma. Mayi woyembekezera yemwe watsekeredwa kwa Nyachikadza kapena kwa Mlolo, msewu wa ku East Bank utaduka, chomwe chingamufikire ndi ziwiri zokha: boti la injini kapena helikopita.

Nthawi ya Freddy mukukumbukira mahelikopita omwe ankanyamula anthu ndi chakudya anachokera kuti? Ku Tanzania ndi ku Zambia. Tikuwathokoza abale athuwa, takhuta kwambiri. Koma anafika patapita masiku, pomwe munthu wokakamira pa nthambi amawerenga maola. Komanso namondwe sasankha dziko limodzi. Idai anamenya Mozambique, Zimbabwe ndi Malawi nthawi imodzi. Tsiku lomwe anansi onse adzakhale akupulumutsa anthu awo, ife tidzaima pa mzere kudikira ndani?

*Kwa anzathu a "tipange yathu"*

Mverani nkhani ya ku Canada. M'zaka za m'ma 1950 dzikolo linapanga jeti yakeyake yotchedwa Avro Arrow. Inauluka koyamba mu Malichi 1958, ndipo inali m'gulu la ndege zotsogola kwambiri nthawi imeneyo. Pa 20 Febuluwale 1959 boma la John Diefenbaker linaimitsa ntchito yonse, mwa zina chifukwa cha kukwera kwa mtengo. Anthu oposa 14,000 ntchito inawathera tsiku limodzi, ndipo ndege zomwe zinali zitapangidwa kale anazidula zidutswazidutswa. Mpaka lero anthu ena kumeneko chimawawawa. Mu 2012 kunabwera ganizo loti aidzutse Arrow m'malo mogula F-35 ya ku America, ndipo mkulu wa asilikali wopuma, Lewis MacKenzie, analiikira kumbuyo. Boma linakana, linati idya ndalama ndi nthawi yambiri. Mu 2023 linagwirizana zogula ma F-35 okwana 88.

Taganizani, aise. Canada ali ndi mafakitale a zitsulo, a injini, magetsi osazimazima, ndalama zake zamphamvu, koma anagwa nayo. Chalaka bakha nkhuku singatole. Jeti si thupi lokha ayi. Pali injini, radar, makompyuta, mizinga, mpando woponya woyendetsa kunja ikachita ngozi, chilichonse ndi fakitale yakeyake. Ngakhale mayiko omwe amanyadira kuti anapanga yawo, zina amagulabe kunja: Gripen ya ku Sweden ndi Tejas ya ku India zimauluka ndi injini zomwe gwero lake ndi kampani ya General Electric ya ku America. Wandale aliyense amene adzaime pa nsanja n'kutilonjeza jeti yopangidwa ku Malawi, dziwani kuti wabwera kudzadya ndalama za "feasibility study" ndi ma alawansi.

Zoterezi ife a ku Nsanje sitichita kumva. Mu Okutobala 2010 kunali chikondwerero chotsegulira doko la Nsanje, a Robert Mugabe ndi a Rupiah Banda anabwera kudzachitira umboni. Boti lomwe linkayenera kufika tsikulo linagwidwa ku Mozambique. Lero pitani mukaone, simenti ili phee, palibe sitima ya katundu yomwe imakocheza. Ntchito yoyambira pa ulemerero m'malo moyambira pa chosowa cha anthu imathera pomwepo.

Koma mu nkhani ya Canada muli phunziro lina lomwe likutikhudza. Ntchito itaima, ena mwa mainjiniya ake anatengedwa ndi NASA, n'kukathandiza America kutumiza munthu ku mwezi. Chuma chenicheni chinali m'mitu ya anthuwo, ndipo dziko litasowa chowapatsa, anapita nacho kwina. Ifenso tikutaya ana athu chimodzimodzi, kungoti athu sakupita ku NASA. Akupita kukatsuka mbale ku Joni ndi kukalima m'minda ya ku Israel.

Brazil anachita mosiyana. Anayamba ndi sukulu ya mainjiniya a ndege, ITA, mu 1950. Kampani ya Embraer inabwera mu 1969, ndipo inayamba ndi kandege kakang'ono konyamula anthu, Bandeirante, koyenera mabwalo a m'matauni ang'onoang'ono a dziko lawo. Lero ndege zake zikunyamula anthu mu Africa muno. Anayamba ndi sukulu, kenaka chinthu chaching'ono chomwe dziko linkachifunadi. Njira yake ndi imeneyo.

*Kwa anzathu a "tikagule kunja"*

Kugulanso kuli ndi manda ake. Mu 1999 South Africa anasaina mgwirizano waukulu wogula zida, kuphatikizapo majeti a Gripen omwe anakwana 26. Milandu ya ziphuphu yochokera mu mgwirizano umenewo yakhala ikuzungulira m'makhoti kwa zaka zoposa makumi awiri, mpaka kukhudza a Jacob Zuma. Ndipo chakumapeto kwa 2021 ma Gripen onse anaimikidwa pansi kwa miyezi yambiri chifukwa cha kusowa kwa ndalama ndi kontrakiti yowakonzera. Dziko lolemera kuposa lathu kutalitali, ndege zilipo, koma zosauluka.

Mtengo wake nawo muudziwe. F-35 imodzi ndi madola oposa 80 miliyoni, ndipo kuiulutsa ola limodzi lokha kumadya madola oposa 30,000. Ife amene timagona pa filling station kudikira petulo chifukwa forex kulibe, eti tikagule chinthu chomwa madola pa ola?

Za kwathu konkuno ziliponso. Mu 2009 boma la a Bingu wa Mutharika linagula jeti ya pulezidenti, Dassault Falcon 900EX, pa madola pafupifupi 22 miliyoni. Britain anakwiya n'kudula thandizo ndi mapaundi 3 miliyoni. Mu 2013 boma la a Joyce Banda linaigulitsa pa madola 15 miliyoni, ndipo tinauzidwa kuti ndalamazo zigulira chimanga anthu anjala. Patsogolo pake boma linavomera kuti ndalamazo sizinalowe mu Account Number One, zinapita kukachotsera ngongole ya zida za asilikali ku kampani ya Paramount Group ya ku South Africa. Zipani ziwiri zosiyana, koma kachitidwe kamodzi: kugula mu mdima, kugulitsa mu mdima. Akangoti "nkhani ya chitetezo, ndi chinsinsi", dziwani kuti thumba latseguka.

Tsopano nkhani yowawa. Pa 10 Juni 2024 ndege ya asilikali ya mtundu wa Dornier 228 inagwa m'nkhalango ya Chikangawa, n'kupha wachiwiri kwa pulezidenti, malemu Dr Saulos Chilima, ndi anthu ena asanu ndi atatu. Inapezeka mawa lake. Ndegeyo inali ya m'zaka za m'ma 1980. Akatswiri a bungwe la BFU la ku Germany omwe anafufuza anapeza kuti munalibe zida zojambula mawu a oyendetsa ndi kayendedwe ka ndege. Anapezanso kuti kachipangizo kolozera pomwe ndege yagwera sikankagwira ntchito, batire yake inatha mphamvu mu 2004. Lipoti lawo linaloza kwambiri ku nyengo yoipa ndi ziganizo za paulendowo, choncho sindikunena kuti batire ndi imene inagwetsa ndege. Ndikunena kuti kwa zaka makumi awiri, maboma osiyanasiyana akulowa ndi kutuluka, kachipangizo kopulumutsira moyo mu ndege yonyamula atsogoleri a dziko kanali kakufa. Ngati zinali choncho pa ndege ya mabwana, ndani adzasamale masipeyala a jeti?

Nayi mfundo yomwe ambiri sadziwa. Ndege yomweyo ya Dornier 228, India nayenso anaifuna. Koma iye mu 1983 anasaina mgwirizano woti aziipanga yekha, ndipo kampani ya boma ya HAL yapanga zoposa 100 ku Kanpur. Ife tinagula ndege, India anagula ndege ndi nzeru zake zomwe. Kusiyana kwa kugula kwanzeru ndi kugula kwaulesi kuli pamenepo.

*Zomwe tingapange lero*

Apa nde pamene anzathu a "tipange yathu" ali ndi mfundo, bola atsitse maso kuchoka pa jeti. Mu Juni 2017 boma ndi UNICEF anatsegula malo oyeserera ma drone ku Kasungu, oyamba a mtundu wake mu Africa pa ntchito zothandiza anthu. Chaka chomwecho ophunzira a ku Malawi, mothandizidwa ndi Virginia Tech ya ku America, anamanga ndi manja awo drone yotchedwa EcoSoar pogwiritsa ntchito zipangizo zotchipa, ndipo inauluka makilomita 19. Mu Januwale 2020 kunatsegulidwa African Drone and Data Academy, yomwe imagwira ntchito ndi yunivesite ya MUST ya ku Thyolo, kuphunzitsa achinyamata kumanga ndi kuulutsa ma drone komanso kuwerenga zithunzi zake. Kuno ku Chigwa ma drone a kampani ya ku Australia ya Swoop Aero ananyamulapo mankhwala, katemera ndi magazi okayezetsa pakati pa zipatala za ku Nsanje ndi Chikwawa. Ndiye kuti nzeru zilipo, anthu ophunzira alipo, ntchito yake yaoneka kuti imatheka pa nthaka yathu yomweyi.

Chosowa ndi wogula. Pafupifupi zonsezi zayenda ndi ndalama za ma donor, ndipo pulojekiti ikatha ma drone amapakiridwa m'mabokosi, achinyamata n'kubwerera pa khonde. Ine ndili ndi zaka 24, digiri ili mu envulopu pansi pa matiresi, makalata ofunsira ntchito ndasiya kuwerenga. Anzanga omwe anaphunzira za magetsi ndi za makina, wina ali pa kabaza, wina akukonza mafoni pa msika, wina akugulitsa mayunitsi. Anthu amenewa akhoza kumanga drone. Koma kampani ya achinyamata singaime popanda oda, ndipo wogula wamkulu m'dziko muno ndi boma.

Drone ingatani pa chigumula? Imauluka madzi akadali m'mwamba, n'kuonetsa mudzi womwe wazingidwa, mtengo womwe muli anthu, malo omwe msewu waduka. Boti ndi helikopita zimapita molunjika m'malo mowononga mafuta kusakasaka. Imanyamula mankhwala a malungo, ma ARV, mankhwala othira m'madzi popewa kolera, kupita ku kampu komwe galimoto singafike. Nthawi ya chilimwe imajambula mmene Ruo, Mwanza ndi Shire zadzadzira mchenga, kuti tidziwiretu pomwe madzi adzabowole. Koma tisanamizane: drone imanyamula makilogalamu ochepa chabe. Agogo singawanyamule. Thumba la ufa la makilogalamu 50 singalikweze. N'chifukwa chake helikopita tiyenera kugula basi, palibe manyazi pamenepo.

Maboti nawo bwanji? Ilala inabwera zidutswa kuchokera ku Scotland, n'kulumikizidwa ku Monkey Bay, ndipo yakhala pa nyanja kuyambira 1951 ikukonzedwa ndi manja a konkuno. Dziko lomwe lasunga sitima zaka zoposa 70 lingalephere kupanga maboti a chitsulo osazama kwambiri oyenda m'madambo a Shire? Owotcherera alipo pa Nchalo, pa Ngabu, pa Bangula. Odziwa njira za m'madzi alipo, anakulira mu mwadiya. Injini yokha ndi imene tingaitanitse.

*"Nanga tikaputidwa?"*

Funsoli ndi lomveka, tisalinyoze. Nkhani ya malire a pa nyanja ndi Tanzania ilipo, ndipo ku Cabo Delgado ku Mozambique kwakhala zigawenga kuyambira 2017. Koma majeti awiri kapena atatu, omwe mwina imodzi yokha ndi imene ingamauluke, sangaopseze dziko lililonse. Nkhani ya nyanja idzatha ndi zokambirana kapena khoti. Zomwe zimadutsa m'malire mwathu tsiku ndi tsiku ndi akuba ng'ombe, ozembetsa anthu, ozembetsa katundu ndi mfuti. Amenewa amagwidwa ndi diso la m'mwamba loyenda pang'onopang'ono ndi asilikali ofika msanga, kutanthauza drone ndi helikopita zomwezija. Chida chimodzi, ntchito ziwiri.

Ndipo pasapezeke wonena kuti tikunyoza asilikali. Tinawaona akukumba matope ndi makasu ku Chilobwe, tinawaona m'maboti pa madzi olusa. Ndi abale athu, ena tinaphunzira nawo. Tikufuna apatsidwe zida zogwirizana ndi nkhondo yomwe amatumidwadi chaka ndi chaka.

*Zomwe tikufuna*

1. Boma linene poyera kuti mahelikopita ndi maboti opulumutsira anthu omwe akugwira ntchito lero ndi angati. Chiwerengero cha zida zopulumutsira anthu pa chigumula si chinsinsi cha nkhondo.

2. Ndalama iliyonse yogulira ndege iyambe yapita ku mahelikopita opulumutsira anthu. Mtengo, wogulitsa ndi mkhalapakati zidutse ku Nyumba ya Malamulo ndipo zisindikizidwe.

3. Kontrakiti iliyonse ikhale ndi masipeyala a zaka zingapo komanso maphunziro a oyendetsa ndi amakaniko a ku Malawi, ndipo MUBAS ndi MUST zikhalepo pa maphunzirowo. Wogulitsa wokana kusiya nzeru, abwerere ndi katundu wake.

4. Kuyambira Disembala mpaka Epulo, helikopita imodzi ndi maboti zizikhala ku Chigwa konkuno, pa Bangula kapena pa Nchalo pomwe pali mabwalo a ndege kale, mafuta ali m'thanki. Zisamachite kunyamuka kutali anthu atamira kale.

5. DoDMA, unduna wa zaumoyo ndi makhonsolo a Chikwawa ndi Nsanje akhale ndi bajeti yawoyawo ya ma drone ndi maboti, ndipo matenda ake, ndikunena ma tender osati malungo, apite kwa makampani a achinyamata a ku Malawi omwe akumanga zinthuzo konkuno.

*Ntchito yanu*

Lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza uthenga ku boma linayamba kugwira ntchito mu 2020. Tiligwiritse ntchito. Lembani kalata ku khonsolo ya kwanu ndi ku DoDMA yofunsa funso loyambalo, sungani kope yodindidwa, ijambuleni, itumizeni mu gulupu. Phungu wa kwanu mufunseni pa msonkhano, pa maliro, pa wailesi, paliponse pomwe mwamupeza: boti la dera lino lili kuti, injini yake ikulira? Lamulo latsopano loona za ngozi zogwa mwadzidzidzi analidutsitsa okha mu 2023, nde asanene kuti sakudziwa.

Amene munaphunzira za ma drone, za makina, za magetsi, za mapu, owotcherera ndi oyendetsa maboti, lembetsani maina kwa ma admin a magulupu a m'dera lanu. Tikamapita kukakumana ndi akuluakulu tikhale ndi mndandanda m'manja, asadzatiuze kuti anthu ake kulibe.

Zonse mwamtendere. Osaotcha, osaswa shopu ya munthu, osagenda. Wobwera ndi mwala si wathu.

Tumizani uthengawu ku magulupu a kwanu, a ku koleji, a ku tchalitchi ndi ku mzikiti. Amene ali ndi makolo ku East Bank awawerengere pa foni. Mafunsowa afike pa tebulo la DC mvula isanagwe.



Mnzanu wa ku Chigwa, lova wa digiri